Mlandu Usafere pa Pepala

Munthu aliyense amene anakulira m'midzi ya kwa Kabudula, kwa Kalolo kapena kwa Khongoni adziwa m'mene mlandu umakambidwira pabwalo la mfumu. Anthu amasonkhana patsinde pa kachere, abambo mbali yawo, amayi mbali yawo, ndipo nduna imaitana mwini dandaulo kuti ayale nkhani yake. Iye amayankhula ndi pakamwa pake. Akaiwala tsiku limene mbuzi zinalowa m'munda mwake, atsibweni ake amamkumbutsa. Akasokoneza dzina la mwini mbuzizo, akuluakulu amaseka pang'ono namuuza kuti abwereze bwino. Sitinamvepo kuti mfumu inabalalitsa bwalo chifukwa chakuti wodandaula waphonya mawu. Chimene akuluakulu amafuna kudziwa ndi ichi: kodi chimanga chinadyedwadi, nanga mbuzizo n'za yani? Makolo anatisiyiranso mawu akuti mlandu suwola. Ngakhale papite zaka zambiri, tsiku lina nkhaniyo idzafika pabwalo.

Koma lilipo bwalo lina limene linadza ndi Azungu, ndilo Bwalo Lalikulu la Milandu, limene ambiri timangoti khoti. Kumeneko mlandu suyamba ndi pakamwa ayi, umayamba ndi pepala. Pepalalo likalembedwa molakwika, mlandu ungathe kufa mwini wake asananene ngakhale liwu limodzi. Ngozi imeneyi imakula kwambiri pamene munthu wamba asumira Boma, pakuti Boma lili ndi maloya ophunzira, ndipo iwo amayamba ayang'anitsitsa pepala asanayang'ane nkhani.

M'kabuku kano tiona mbiri ya mawu awiri amene akhala akulimbana m'mabwalo otere kwa zaka zoposa 100. Mawuwo ndi kufafaniza ndi kukonza. Inu amene mwangophunzira kumene kuwerenga ndi kulemba, nkhaniyi ndi yanu, chifukwa tsopano mungathe kuona ndi maso anu chimene chalembedwa m'dzina lanu.

CHIKALATA CHA DANDAULO

Dziko lathu linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Mu 1902 anakhazikitsa Bwalo Lalikulu m'dziko muno, ndipo bwalolo linauzidwa kuyendetsa milandu potsata mwambo wa mabwalo a ku England. Mu 1933 mafumu athu anapatsidwa mabwalo awo ovomerezeka ndi Boma, koma amenewo anali a milandu ya pakati pa ife tokha, monga ya maukwati, minda, ziweto ndi ngongole. Munthu wofuna kulimbana ndi Boma sakanapita kwa mfumu yake. Njira yake inali ya ku Bwalo Lalikulu, kumene zonse zimalembedwa m'Chingerezi, monga zilili kufikira lero.

Mwambo wa bwalo limenelo ndi wotere. Wodandaula amalemba chikalata chofotokoza zinthu zinayi: iye ndani, akusumira yani, chinachitika n'chiyani, ndipo akufuna kuti bwalo limchitire chiyani. Wosumiridwa nayenso amalemba chikalata choyankha, kuvomera izi ndi kukana izo. Woweruza akawerenga zikalata ziwirizi amaona pamene pali mkangano, ndipo mboni zimaitanidwa kudzanena za pomwepo. Chimene sichinalembedwe m'chikalata munthu saloledwa kuchivumbulutsa tsiku la mlandu. Cholinga chake n'chabwino, ndicho chakuti munthu asalalire mnzake panjira.

Tsono tiyerekeze kuti mlimi wina wa ku Nsaru ali pa ulendo ndi ngolo yake kukagulitsa mtedza, ndipo galimoto ya Boma yagunda ngoloyo nipha ng'ombe imodzi. Mlimiyo akangolemba kuti Boma lamlakwira ndipo limlipire, osanena tsiku, malo, kapena chimene woyendetsa galimoto analakwa, loya wa Boma adzaimirira napempha woweruza kuti achotse chikalatacho, popeza sichionetsa mlandu woti n'kuyankha. Kumeneko ndiko kufafaniza. Bwalo lili ndi mphamvu yofafaniza chikalata chonse kapena mbali yake ngati mulibe mlandu weniweni, ngati chalembedwa pongofuna kuvutitsa kapena kunyoza munthu, kapenanso ngati wina akuseweretsa bwalo.

Koma mwina mlimi uja analemba zonse bwino, nangophonya tsiku la ngoziyo, kapena anaiwala kutchula kuti ngolo nayonso inathyoka. Pamenepo angathe kupempha kuti alembenso bwino pamene panalakwikapo. Kumeneko ndiko kukonza.

Mphamvu yofafaniza si yoipa payokha, pakuti popanda iyo mabwalo akanadzaza ndi nkhani zopanda mutu, ndipo anthu a milandu yeniyeni akanadikira kosatha. Funso limene lavutitsa oweruza m'mibadwo yonse ndi ili: kodi ndi liti pamene pepala liyenera kutayidwa, ndipo ndi liti pamene liyenera kungokonzedwa?

KHOSWE WA PAMKHATE

Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kale ku England kusumira Boma kunali kotero ndithu. Malamulo awo ankati Mfumu singalakwe, ndiponso singaitanidwe m'bwalo lake lomwe. Munthu amene Boma linali naye ngongole ankayenera kuyamba wapempha chilolezo cha Mfumuyo kuti nkhani yake imveke. Zimenezi zinatha mu 1947, pamene Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inalola kuti Boma lizisumiridwa pafupifupi monga munthu wina aliyense.

Kunonso, m'masiku a boma la Nyasaland, kunakhazikitsidwa lamulo la milandu ya pakati pa anthu ndi Boma, ndipo likadali m'mabuku a malamulo a Malawi, pa mutu 6:01. Lamuloli lili ndi mfundo ziwiri zimene munthu aliyense ayenera kudziwa. Yoyamba ndi yakuti posumira Boma, dzina lolembedwa pa chikalata ndi la Loya Wamkulu wa Boma, amene m'mapepala a khoti amatchedwa Attorney General. Yachiwiri ndi yakuti munthu asanasume ayenera kupereka kalata yochenjeza ku ofesi ya Loya Wamkuluyo, yonena dzina lake, kumene akhala, chimene chamdandaulitsa ndi chimene akufuna, kenaka adikire miyezi itatu. Miyezi imeneyi ndi yopatsa Boma mpata wofufuza, kuti ngati lalakwadi lilipire popanda mlandu. Koma kwa munthu wosadziwa, mfundoyi ndi msampha, ndipo ilipo milandu imene inathera pomwepa.

Nanga nzeru yakuti cholakwika chizikonzedwa inachokera kuti? Kale oweruza a ku England anali ouma mtima pa nkhani ya mapepala, kotero kuti munthu ankagonja chifukwa cha liwu limodzi lolembedwa mosayenera, ngakhale aliyense akuona kuti walakwiridwa. Anthu atadandaula kwa nthawi yaitali, malamulo a mabwalo anasinthidwa pakati pa 1873 ndi 1875. Mu 1884, pa mlandu wa Cropper ndi Smith, woweruza wina dzina lake Bowen anayala mfundo imene ikumbukiridwabe. Iye anaphunzitsa kuti ntchito ya bwalo ndiyo kuweruza chimene anthu akukanganira, osati kulanga anthu chifukwa cha zophonya zawo poyendetsa mlandu. Choncho cholakwika chilichonse chimene sichinachitike mwachinyengo chiyenera kukonzedwa, malinga ngati kukonzako sikupweteka mbali inayo.

Ife aphunzitsi mfundo imeneyi timaidziwa bwino. Mwana akaphonya samu sitimng'ambira kope kapena kumchotsa sukulu. Timachonga pamene walakwa, ndipo iye amakonza.

Mfundoyi inayesedwa pa Boma lenileni pa mlandu wa munthu wina wotchedwa Dyson, umene unalembedwa m'mabuku a malamulo a 1911. Akuluakulu a misonkho ku England anatumiza mapepala kwa eni malo, kuwalamula kuti ayankhe mafunso okhudza malo awo, ndipo wokana anaopsezedwa ndi chindapusa cha mapaundi 50. Dyson anaona kuti mafunso ena sanali ololedwa ndi lamulo, choncho anasumira Loya Wamkulu wa Boma. Maloya a Boma sanafune kuyankha nkhaniyo. Iwo anapempha kuti chikalata cha Dyson chifafanizidwe. Koma Bwalo la Apilo linakana, linati mphamvu yofafaniza ndi ya milandu yokhayo imene aliyense angaone msanga kuti ilibe mutu, ndipo siyenera kukhala chida chothamangitsira munthu pa mpando wa chiweruzo asanamvedwe. Mlanduwo utamvedwa, zinapezeka kuti Dyson ndiye ankanena zoona.

Nkhani za ku England zimenezi zikutikhudza chifukwa Bwalo Lalikulu la Malawi linatsata buku la malamulo a kayendetsedwe ka milandu la kumeneko, lija maloya ankalitcha buku loyera, kufikira mu 2017. Motero nzeru ya Bowen ndi phunziro la Dyson zinalowanso m'mabwalo athu.

PAMENE CHITSEKO CHINATSEKEDWA

Tinalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, ndipo mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. M'chaka chomwecho munakhazikitsidwa lamulo lolanda katundu, limene linapatsa Boma mphamvu yotenga nyumba, sitolo kapena munda wa munthu, ndipo wolandidwayo analibe mwayi wokatsutsa zimenezo kubwalo. Anthu ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka ndi ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 ambiri a iwo anasiya nyumba ndi minda yawo nathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia. M'zaka zimenezo anali ochepa amene akanalimba mtima kulemba chikalata chosumira Boma pa nkhani zotere. Panalibe chofafaniza, popeza panalibe cholembedwa.

Zinthu zinasintha anthu ataponya voti pa 14 June 1993 yosankha ndale za zipani zambiri. Malamulo Aakulu a dziko a 1994, pa gawo 41, analonjeza kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wofika kubwalo la milandu ndi kulandira thandizo lenileni pamene ufulu wake waphwanyidwa. Koma Malamulo omwewo, pa gawo 138, ananena kuti amene anazunzidwa ndi boma lakale asathamangire kubwalo wamba, koma ayambe apita ku bwalo lapadera la chipukuta misozi. Bwalo lapaderalo linapatsidwa moyo wa zaka khumi zokha.

Anthu oposa 20,000 anapereka madandaulo awo kumeneko. Pamene bwalolo linatsekedwa mu 2004, amene anali atalandira chipukuta misozi chonse anali ochepa kwambiri. Ena analandira kachigawo chabe, ndipo ambiri sanalandire kanthu. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, imene nthawi imeneyo inkatsogoleredwa ndi mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti losonyeza kuti anthuwa sanachitiridwe chilungamo, nilangiza Boma kuti liwalipire. Pofika nthawiyo ambiri mwa iwo anali atakalamba, ndipo ena anali atatsikira kulichete.

Apa tikuphunzirapo chinthu chowawa. Kukonza kumachiza chikalata chodwala, koma sikungatsegule khomo limene lamulo latseka, ndiponso sikungabweze zaka zimene zapita.

NKHALAMBA ZA KU KENYA

Kuti tione bwino mphamvu ya nthawi pa milandu yotere, tiyeni tichoke pang'ono kwathu kuno tipite ku Kenya, dziko limene linalamulidwanso ndi Angerezi monga ife. M'zaka za m'ma 1950, pa nthawi ya nkhondo ya Mau Mau, anthu ambiri kumeneko anatsekeredwa m'misasa nazunzidwa koopsa. Mu 2009 nkhalamba zisanu za ku Kenya zinasumira Boma la Britain ku London.

Boma la Britain linachita monga linachitira kwa Dyson zaka 100 m'mbuyomo. Linapempha kuti dandaulolo lifafanizidwe, linati ngati panali mlandu, unatsalira boma la Kenya pamene dzikolo linalandira ufulu mu 1963. Mu July 2011 woweruza McCombe anachotsa mbali imodzi ya dandaulolo, koma mbali zina anazisiya kuti zikamvedwe, nalolanso kuti chikalata cha nkhalambazo chikonzedwe. Boma linabweranso ndi mfundo ina, yakuti nthawi yosumira inatha kalekale. Mu October 2012 woweruza yemweyo anati mlandu wa nkhalamba zitatu zimene zinatsala ungathe kumvedwabe mwachilungamo, popeza mapepala akale a Boma analipo ambiri. Pa 6 June 2013 nduna ya Britain, William Hague, inauza Nyumba ya Malamulo ya kwawo kuti Boma likumva chisoni ndi nkhanza zimene zinachitika, ndipo linavomera kupereka mapaundi 19.9 miliyoni pa nkhani ya anthu 5,228.

Chikalata chija chikanafafanizidwa mu 2011, palibe akanalandira kanthu. Komabe anthu ena zikwi zambiri amene anasuma pambuyo pake anagonja mu 2018, bwalo litanena kuti papita nthawi yaitali kwambiri kotero kuti Boma silingathenso kudziteteza moyenera. Kumudzi mlandu suwola, koma kukhoti umawola ndithu.

MALAMULO A 2017 NDI MLANDU WA CHISANKHO

Tibwerere kwathu. Mu October 2017 Bwalo Lalikulu la Malawi linasiya buku loyera lija niyamba kutsata malamulo akeake a kayendetsedwe ka milandu. Malamulo atsopanowa amayamba ndi kunena kuti cholinga chachikulu cha bwalo ndicho kuweruza milandu mwachilungamo. Amanenanso kuti kuphonya mwambo wa kalembedwe sikupha mlandu pakokha, koma woweruza ndiye amaona chochita. Munthu amaloledwa kukonza chikalata chake kuti achotse cholakwika, kuti aonetse bwino pamene pali mkangano, kapena kuti afotokoze bwino zimene zinachitika. Mlandu ukafika patali, kukonzako kumafuna chilolezo. Koma malamulo omwewa ali ndi mano, pakuti mlandu ukangokhala miyezi 12 popanda wochitapo kanthu, bwalo lingathe kuuchotsa m'kaundula osachenjeza mwini wake.

Pasanathe zaka ziwiri, funso la kufafaniza linabuka pa mlandu umene dziko lonse linatchera khutu. Chisankho cha Pulezidenti chinachitika pa 21 May 2019, ndipo bungwe loyendetsa zisankho linalengeza kuti apambana ndi a Peter Mutharika. A Lazarus Chakwera, amene ankaimira dera la kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe ku Nyumba ya Malamulo, pamodzi ndi malemu a Saulos Chilima, anakadandaula kubwalo. Mboni zisanayambe kuitanidwa, mbali yosumiridwa inapempha kuti madandaulowo atayidwe, inati sanaperekedwe motsata mwambo wa malamulo. Kupempha kotero si mlandu, pakuti lamulo limalola aliyense wosumiridwa kutero. Koma pa 21 June 2019 oweruza asanu anakana pempholo, nalamula kuti nkhaniyo imvedwe.

Mboni zinayamba kumvedwa mu August, ndipo anthu a ku Namitete, ku Nambuma ndi m'midzi ina yonse ankazungulira wailesi tsiku ndi tsiku kumvetsera. Pa 3 February 2020 oweruza aja, a Healey Potani, mayi Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, anagamula kuti chisankhocho sichinayende bwino ndipo chibwerezedwe. Bwalo Lalikulu la Apilo linagwirizana nawo pa 8 May, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 June 2020.

Chimodzi mwa zinthu zimene oweruza anadzudzula chinali kufuta manambala pa mapepala a zotsatira ndi utoto woyera wotchedwa Tippex. Apa pali kusiyana kumene tiyenera kukuzindikira. Kukonza kumene bwalo limalola kumachitika poyera: mbali inayo imauzidwa, imaona mawu akale ndi atsopano, ndipo imapatsidwa mpata woyankha. Kukonza kobisa zimene zinalembedwa poyamba ndi chinthu china, ndipo bwalo silinakuvomereze.

Munthu angakonde chipani ichi kapena icho, imeneyo ndi nkhani ya mumtima mwake. Chimene ife tikuona pano ndi chakuti madandaulo aja akanatayidwa mu June 2019 chifukwa cha mwambo wa mapepala, dziko silikanamva umboni wonse umene linamva.

AMAYI A KU MSUNDWE, MPINGU NDI M'BWATALIKA

Pamene mlandu wa chisankho unali m'kati, m'dziko munali zionetsero zambiri, ndipo dera lathu la kumadzulo kwa Lilongwe linakumana ndi tsoka lalikulu. Pa 8 October 2019 kunabuka chipolowe ku Msundwe, pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, ndipo wapolisi wina, a Usumani Imedi, anaphedwa ndi gulu la anthu. Imfa imeneyi inali yoipa, ndipo palibe angaiikire kumbuyo. Koma zimene zinatsatira zinali zoipanso. Apolisi atalowa m'midzi ya ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, amayi ndi atsikana ena anagwiriridwa ndi kuchitidwa zamanyazi m'nyumba zawo zomwe. Bungwe la Boma loona za ufulu wa anthu linafufuza, ndipo mu December chaka chomwecho linatsimikiza kuti nkhanzazo zinachitikadi.

Amayi amenewa anali anthu a kumudzi monga ife. Pa iwo okha sakanadziwa khomo loyenera kugogoda. Koma mutu umodzi susenza denga. Bungwe la maloya achizimayi linawaimirira, ndipo mu 2020 amayi ndi atsikana 18 anafikitsa nkhani yawo ku Bwalo Lalikulu ku Lilongwe.

Taonani m'mene chikalata chawo chinayalidwira. Choyamba, maina awo sanalembedwe poyera, koma zilembo zoyamba zokha, kuti asachitidwe manyazi kawiri. Chachiwiri, maloya anasankha njira yopempha bwalo kuti liunike ngati akuluakulu a Boma anachita ntchito imene lamulo linawapatsa. Chachitatu, sanangolemba kuti Boma lalakwa, koma anatchula maudindo: Mkulu wa Apolisi, Mlembi wa Nyumba ya Malamulo ndi Nduna ya Zachuma. Nkhani yawo inakhudza kulephera kufufuza msanga ndi kulanga olakwa, komanso kusakhalapo kwa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, limene lamulo la apolisi la 2010 linati likhazikitsidwe.

Pa 13 August 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda anagamula mokomera amayiwo, nalamula kuti alandire chipukuta misozi. Mu 2021 bwalo linawerengera ndalamazo, ndipo zonse pamodzi zinaposa K100 miliyoni. Ndalama sizingachotse chilonda cha mumtima. Komabe amayi a m'midzi yathu anaimitsa Boma pabwalo, ndipo mawu awo analembedwa m'kaundula wa dziko, mmene sadzafafanizidwanso. Khoswe anatsitsidwa pamkhate, mkhate osasweka.

ZIMENE TIYENERA KUSUNGA

Mbiri imene taiona ikusonyeza kuti pang'ono ndi pang'ono mabwalo a Boma akhala akuyandikira nzeru imene makolo athu anali nayo kale patsinde pa kachere, yakuti wophonya mawu auzidwe kubwereza, asathamangitsidwe. Kuyambira kwa Bowen mu 1884 kufikira malamulo athu a 2017, kukonza kwakhala kukupambana kufafaniza. Koma taonanso kuti zilipo zolakwika zimene cholembera sichingachize. Choncho, anzanga, sungani izi.

Musachedwe. Lamulo la Malawi limapereka zaka zisanu ndi chimodzi pa milandu yambiri ya ngongole ndi ya kuwonongeka kwa katundu, koma zaka zitatu zokha pamene munthu wavulala chifukwa cha kusasamala kwa wina. Pempho lakuti bwalo liunike chigamulo cha mkulu wa Boma liyenera kuperekedwa msanga, pasanathe miyezi itatu. Musaiwalenso kalata yochenjeza Loya Wamkulu wa Boma, ndipo musunge pepala losonyeza tsiku limene inalandiridwa.

Lembani zinthu zikadali zaziwisi m'mutu. Mlimi wa ku Nsaru uja akanakhala inu, mukanayenera kulemba m'kope tsiku lomwelo nambala ya galimoto, malo, nthawi, ndi maina a anthu amene anaona. Malisiti, makalata a kuchipatala ndi a kupolisi asungidwe pouma, kutali ndi chiswe.

Funsani. Safunsa anadya phula. Munthu wosauka amene sangathe kulipira loya angathe kupita ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene inabadwa ndi lamulo la 2011 kuti izithandiza anthu otere. Ofesi ya Ombudsman nayonso imalandira madandaulo okhudza maofesi a Boma popanda malipiro.

Loya akakulemberani chikalata, musangodindapo chala. Mpempheni akumasulireni m'Chichewa ndime ndi ndime, ndipo inu muone ngati maina, masiku ndi manambala zili zoona, pakuti zimenezo mungathe kuziwerenga nokha ngakhale zili pakati pa Chingerezi. Mukapeza cholakwika, nenani msanga, chifukwa kukonza kumakhala kosavuta mlandu ukadali poyamba. Musawonjezere bodza pofuna kukometsa nkhani, popeza bwalo limakhululukira wophonya koma silikhululukira wonyenga. Ndipo mlandu ukalowa, musaugoneke. Pitani kawirikawiri kukafunsa pamene wafika, kuti miyezi 12 ija isakupezeni muli chete.

Agogo athu ambiri analakwiridwa napita kumanda osadziwa chimene chinalembedwa pa mapepala okhudza moyo wawo. Inu mwaphunzira zilembo muli akuluakulu, mutatopa ndi ntchito ya kumunda. Zilembo zimenezo zikuthandizeni kuwerenga kalata ya mwana wanu ndi mtengo wa fodya wanu, koma zikuthandizeninso kuyang'anira mlandu wanu, kuti tsiku limene mudzalakwiridwe, nkhani yanu idzafike pamaso pa woweruza ndi kumvedwa.